Mmene ndinapezera ngongole ya nyumba ndilibe pesilipi

Ine ndimasoka zovala ndipo makina anga amakhala pakhomo, ndiye nyumba kwa ine ndi pogona komanso ndi pantchito pomwe. Zaka zambiri ndinali pa lenti kachipinda kamodzi, mvula ikayamba ndinkathamangira kuvundikira nsalu za makasitomala kenako ndiye ana. Tsiku lina madzi a dzimbiri ochokera kudenga anadonthera pa diresi yoyera ya munthu itatsala zipi yokha, ndinalipira ndekha nsaluyo ndipo usiku umenewo sindinagone.

Poyamba ndinapita kubanki ina. Anandifunsa pesilipi, kalata ya abwana ndi pepala la malo loti likhale chikole, ine abwana ndilibe, ndalama zanga zimabwera lero zambiri mawa zii. Sanandinyoze ayi koma fomu yawo inalibe poti munthu ngati ine nkulembapo.

Mayi wina amene ndinkamusokera ndi amene ananditengera ku gulu la amayi losunga ndalama lomwe limagwira ntchito ndi kabungwe kobwereketsa. Kumeneko ndinamva kuti nkhaniyi ndi yakale. Ku Ahmedabad ku India amayi 4,000 ageni anasonkha marupee 10 aliyense mu 1974 nkutsegula banki yawoyawo, SEWA Bank, chifukwa mabanki ankawabweza ngati ine. Grameen Bank ya Muhammad Yunus ku Bangladesh inayamba ngongole za nyumba mu 1984 ndipo inkafuna kuti malo omangapowo akhale m'dzina la mayi wobwerekayo. Mawu amenewo anandikhala mumtima.

Choyamba chinali kusunga basi, tsiku ndi tsiku, ngakhale kochepa bwanji, wotolera akulemba mu kabuku nkusaina. Anandiuzanso kuti ndigule kope ndizilemba chilichonse cholowa ndi chotuluka pa geni yanga, ulusi, singano, mabatani, amene walipira ndi amene wangotenga. Zinkanditopetsa, sindinama. Koma kope lija ndi kabuku kaja ndi zomwe zinadzakhala pesilipi yanga, mlangizi wa ngongole atabwera pakhomo anatsegula tsamba ndi tsamba ndipo anaona yekha miyezi imene ntchito imachuluka ndi imene imazilala.

Sanayambe ndi ya nyumba. Anandipatsa kangongole kakang'ono ka geni kaye, ndinabweza, kachiwiri ndinabwezanso, ndiye nkhani ya nyumba inatseguka patatha chaka ndi miyezi.

Pomwe panavuta ndi pa malo. Kapuloti tinagula ndi bambo a kunyumba koma pepala logulitsirana linali m'dzina lawo lokha, pomwe ngongole ikalembedwa dzina langa. Ndinaganiza, bamboo atati atisiye lero achibale nkubwera, ine nditsala ndi ngongole nyumba nkupita. Kukamba nkhani imeneyi m'banja sikophweka amayi anzanga, zimamveka ngati ukuwalosera imfa kapena ukufuna kuthawa, ndinadikira masabata angapo nkuifotokoza modekha kuti ndikuteteza ana. Anavomera, tinakalembetsa maina onse awiri pali mboni, ndipo fotokope ina ndinakasungitsa kwina.

Pa chiwongola dzanja funsani funso ili musanasaine: kodi mukuwerengera pa ndalama yonse imene ndinatenga kapena pa yotsala? Ena amawerengerabe pa yonse mpaka mwezi womaliza ngakhale wabweza kale theka, ndiye peresenti imaoneka yochepa papepala koma zoona zake umalipira pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi peresenti yomweyo pa yotsala. Funsaninso ndalama ya fomu, ya inshulansi, chindapusa ukachedwa, komanso ngati anzanu a pagulu adzakulipirireni mukalephera, chifukwa ubale umathera pamenepo.

Sindinabwereke ya nyumba yonse. Mmisiri anandilembera mndandanda wa zipangizo za faundeshoni ndi zipinda ziwiri zokha, simenti, njerwa, malata, chitseko. Ndalama itangotuluka tsiku lomwelo ndinakagula zipangizo nkusunga malisiti, chifukwa ndalama ikagona m'nyumba matenda ndi fizi zimaipeza. Mmisiri ndinkamulipira akamaliza gawo osati zonse pakamodzi.

Mwezi wina mwana anadwala ndinasoka zochepa, sindinabisale, ndinapita ndekha tsiku lisanakwane nkuwauza ndipo anandisunthira tsiku. Kwa akatapila sindinapite ngakhale mtima unkandiuza kuti ndipite.

Tinalowa khoma lisanapakidwe pulasitala, pansi pa chipinda chimodzi pali dothi. Ndalama imene inkapita kwa alandilodi ndi imene ikubweza ngongole pano, yatsala miyezi 5, ikatha ndikufuna ndikatenge ina ya chimbudzi chabwino ndi kukoka madzi. Makina ndawaika pafupi ndi windo la kummawa, ndipo mvula ya sabata yatha inagwa usiku wonse nsalu zili pa tebulo osavundikira.