Sabata imene tinakaonekera ku PAC

Anzanga a m'maofesi a akaunti m'boma, amene munaitanidwapo ndi PAC, komiti ya Nyumba ya Malamulo yolondoloza ndalama za boma, mukudziwa kuti sabata imeneyo munthu sagona tulo. Ife inali sabata yathayi. Tinakayankha pa zomwe Auditor General, mkulu wofufuza mabuku a ndalama za boma, anapeza m'mabuku a bungwe lathu, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhale m'malo. Dzina la bungwelo sinditchula.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe mukuzidziwa kale: kutseka mabuku a mwezi, kuthamangitsa amene anatenga ndalama za ulendo koma malisiti osabweza, kudikira kulowa mu IFMIS, sisitimu ya pakompyuta yoyendetsera ndalama za boma, magetsi atazima. Inki ya pulinta inatha kalekale, moti zikalata zopita kwa aphungu tinakasindikiza m'tauni ndi ndalama za m'thumba.

Funso lalikulu mu lipoti la Auditor General linali la katundu amene anagulidwa zaka zingapo zapitazo popanda makotesheni atatu, komiti yogula zinthu isanakhale pansi n'komwe. Ndalama zake ndi mamiliyoni ambiri. Lachitatu ndinaswera m'chipinda chosungira mafayilo, chomwe chimadontha dzinja lililonse ndipo chiswe chinamanga kale m'makatoni. Takhala tikupempha mashelefu ndi makina a sikani mu bajeti ya chaka chilichonse, koma mzere umenewo ndi umene umayamba kudulidwa, pomwe wa misonkhano ya kunyanja sukhudzidwa. Madzulo ndinaipeza vocha yolipirira katundu uja. Kumbuyo kwake kunali memo imene ofesi yathu inalemba nthawi imeneyo, yokana kulipira chifukwa ndondomeko sinatsatidwe. Pamwamba pa memoyo pali mawu a cholembera olamula kuti tilipire tsiku lomwelo, ndi siginecha ya amene analamula. Fayilo yonse ndinaionetsa kwa bwana wamkulu usiku womwewo, iwo n'kugwedeza mutu.

Lachinayi m'mawa tinali ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Mabwana anakhala kutsogolo, ife a mafayilo kumbuyo kwawo monga mwa mwambo. Wapampando atafika pa funso lija, bwana wathu anayankha mosadodoma kuti zikalata zinasowa chifukwa cha kusasamala kwa ogwira ntchito ku akaunti, ndipo oyang'anira achitapo kanthu. Fayilo yomwe amati inasowayo inali pamiyendo panga. Ndinamva thupi lonse kutentha. M'chipinda chimenecho sulankhula ngati controlling officer, bwana wamkulu woyankha pa ndalama za bungwe, sanakupatse mpata, choncho ndinangokhala duu, atolankhani akulemba kuti ife ndi osasamala.

Aphunguwo ndiwayamikire. Mmodzi sanakhutire, anafunsa kuti ngakhale vocha itasowa, kodi sisitimu siionetsa amene anavomereza malipirowo? Anafunsanso chifukwa chomwe funso lomweli linabwerera m'lipoti la chaka chotsatira. Mabwana anayang'anana. Komiti inatipatsa nthawi yoti tibweretse zikalata zonse kudzera kwa Auditor General.

Chondipweteka n'chakuti yankho loti zikalata zinasowa lasanduka chishango cha aliyense. Tonse tikukumbukira Cashgate ya 2013, pomwe kafukufuku wa Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Tikukumbukiranso K6.2 biliyoni ya Covid-19 yomwe inafufuzidwa mu 2021, momwe nkhani za alawansi ndi kagulidwe ka katundu zinadzaza lipoti. Mu 2022 lamulo la kayendetsedwe ka ndalama za boma linalembedwanso mwatsopano. Lamulolo limaika udindo pa controlling officer, koma komiti imangoona zomwe zaikidwa patebulo pake, ndipo pofika nthawi imeneyo amene anasaina amakhala atasamutsidwa kapena atapuma ntchito. Wotsala ndi kalaliki wa giledi yotsika, amene anakana polemba koma anauzidwa kuti alipire. Ine ntchito imeneyi ndimainyadira. Ndakhala ndikubweza mavocha osakwanira mpaka kutchedwa wovuta, ndiye sindingalole kuti ofesi yathu isenzetsedwe mlandu wa wina pamaso pa dziko.

Lachisanu ndinalemba memo kwa bwana wamkulu, kope kwa internal auditor, yofotokoza kuti zikalata zomwe komiti ikufuna zilipo zonse, n'kuzitchula chimodzichimodzi pamodzi ndi memo yokana ija. Ndinaonetsetsa kuti yalembedwa m'buku la makalata otuluka ndipo sekilitale wasainira. Akuluakulu ena sakundiyankha moni. Masana tinabwerera ku malipiro a ogulitsa katundu omwe akhala akudikira chilowere chaka cha boma mu Epulo, chifukwa ndalama za mwezi uno zabwera zoperewera.