Osapaka girizi pa njanji, chonde

Lero kasiteji kanga ka stick-slip, kamakina kosuntha kachitsulo pang'onopang'ono kwambiri pa kanjanji kakang'ono mogwira ndi kuterereka, kayenda, mtima wakhala pansi. Amene mukufuna kupanga kotere mvetserani.

Piezo, chipangizo chomwe chimatalika ndi kufupika ndi magetsi ndipo ndi chomwe chimakankha njanjiyo, mukamaikwezera voteji pang'onopang'ono imatalika, kachitsulo kali pa njanji kamapita nayo limodzi chifukwa zagwirana, kenako mukagwetsa voteji mwadzidzidzi piezo imabwerera msangamsanga kachitsulo n'kutsala pomwe kafika. Mukabwereza kambirimbiri ndiye kuyendako. Piezo ya 10 mm imatalika pafupifupi ma micrometre 10 basi (0.01 mm), ma nanometre (micrometre imodzi ndi ma nanometre 1000) mumawapeza posintha voteji pang'ono kwambiri. Mphamvu yonse ili pa kugwiranako.

Ndiye taonani zomwe zinandichitikira. Ndinapereka fulemu ya kasitejiko kwa amdala ena a lathe (makina osemera zitsulo) kuno ku Lusaka kuti andiboolere mabowo anayi, njanji ili momwemo. Loweruka lonse ndinakhala ndikuyesa, piezo ikulira tiki tiki koma kachitsulo kakungonjenjemera pamalo amodzi, ndinamasula dilaiva yonse, kabolodi kamagetsi koyendetsa piezo, mpaka kusintha ma transistor abwinobwino, dzulo lake ndisanagonenso. Madzulo ndikhudze njanji, chala chonse chakuda! Lolemba ndakwera minibasi kukafunsa amdala aja, iwo akuti "bwana kanali kolimba, manje ndapakako girizi." Misozi inatsala pang'ono kutuluka, Loweruka langa lonse. Ndinatsuka njanji ndi isopropyl (sipiriti wotsukira) kanayi, ngakhale mafuta a m'zala zanu amasokoneza, valani magolovesi.

Za dilaiva ndisaiwale, piezo ndi capacitor, imasunga magetsi mkati mwake. Ya 1 µF kuti itsike ndi 100 V m'ma microsecond 10 imafuna 10 A, ka op-amp wamba (kachipangizo kokulitsa voteji) sikangathe, ndipo kubwerera kukachedwa kachitsulo kamabwerera nako. Sipuling'i yopanikiza kachitsulo pa njanji ikhale ndi sikuluwu yosinthira, mukamanga kwambiri sikaterereka, mukamasula kwambiri kamaterereka popita ndi pobwera pomwe. Ine ndinatembenuza pang'onopang'ono masiku awiri ndisanapeze pabwino.

Poyeza dikirani usiku. Aluminiyamu ya 10 cm imatalika ma micrometre 2.3 kutentha kukakwera digiri imodzi, ndiye ganizani masana a Okutobala pansi pa malata, manambala amangoyenda okha. Malole a mu Great East Road nawonso amagwedeza tebulo, ine ndinaika silabu ya konkire pamwamba pa chubu cha njinga chopopa pang'ono.

Fulemu yachiwiri ndipita nayo Lachisanu, njanji ndachotseratu ili m'kabotolo kunyumba, ndipo ndalemba ndi maka pamwamba: osapaka girizi.