Zaka zinayi tikugulitsa katundu wosagwirika ndi manja

Sabata ino takwanitsa zaka zinayi chiyambireni kulandira kripto, ndalama za pa intaneti ngati Bitcoin, pa mafayilo athu, ndiye ndati ndilembeko pang'ono, poti ambiri mwa inu mumangodziwa linki imene imabwera mukalipira basi, simudziwa kuti kuseri kwa linki imeneyo kuli anthu awiri okha, ine ndi achimwene anga, kuphatikizapo laputopu imodzi imene fani yake imalira ngati ikufuna kuuluka. Zimene timagulitsa mukuzidziwa kale, matempuleti a mapositala, mafonti amene achimwene amajambula okha chilembo ndi chilembo, mapreset okongoletsera zithunzi, ndi timabuku ta PDF tophunzitsira design. Palibe katoni, palibe shelefu, fayilo imodzi yomweyo utha kuigulitsa kwa anthu zana osatha. Zikumveka ngati ndalama zotola eti? Dikirani kaye.

Poyamba za kripto sitinkaziganizira n'komwe. Tinkalandira pa khadi kudzera ku kampani ina yolipirirapo, dzina lake ndisatchule. Vuto la khadi ukamagulitsa fayilo ndi lakuti munthu amalipira, n'kudawuniloda bwinobwino, pakapita milungu akukauza banki yake kuti sanagule ndi iye kapena katundu sanamuone, ndalama zija zikubwezedwa, iwe n'kulipitsidwanso chindapusa pamwamba. Amati chargeback. Fayilo ali nayo kale mu kompyuta mwake, ukamulanda bwanji? Wogulitsa nsapato amakhala ndi pepala losonyeza kuti katundu anafika pakhomo, ife umboni wathu unali kamzere ka pa seva kamene palibe ankafuna kukawerenga. Zitachuluka kampani ija inangotilembera imelo kuti bizinesi yathu ndi yokayikitsa, ndalama zathu n'kuzigwira miyezi. Zathu zomwe, zothukutira tokha.

Achimwene ndi amene anabwera ndi nkhani ya Bitcoin mu 2021. Ine ndinkangoti ndi njuga. Chimene chinandikoka n'chimodzi, ndalama ikalowa pa blockchain, kaundula wa malipiro onse a Bitcoin, n'kutsimikizika sibwerera, palibe banki yoti munthu akadandauleko kuti aibweze. Tinaika BTCPay Server, pulogalamu yaulere imene umaiyendetsa wekha pa seva yako, ndalama n'kumalowa molunjika mu waleti yathu, pulogalamu yosungiramo kripto, popanda munthu wapakati. Kasitomala woyamba atalipira tinakhala pa sikirini tonse awiri kudikira confirmation yoyamba, chitsimikizo choti ndalama yalowadi, paja pa Bitcoin block, gulu la malipiro otsimikizika, imatuluka pafupifupi mphindi 10 zilizonse, ndipo itafika achimwene anakuwa mpaka aneba kubwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta kkkk.

Koma walira mvula walira matope. Mu Novembala 2021 Bitcoin inafika pafupifupi madola 69,000, ife mitu n'kukula, zonse zimene tinkapeza tinkangozisiya momwemo poti mawa zikwera. Pofika Novembala 2022 inali itagwa mpaka pansi pa madola 16,000. Ntchito ya chaka chathunthu inasungunuka tikuona, osabedwa ndi munthu, dyera lathu lomwe. Kuyambira pamenepo ya bizinesi timaisintha msanga, yolipirira seva ndi zida sitiisiya kuti izivina ndi msika. Tinawonjezanso kripto ina ya USDT poti imatsatira dola, ngakhale nayonso sitiikhulupirira ndi mtima wonse, tinaona mmene TerraUSD, inanso yotsatira dola, inathera mu Meyi 2022 pamene ankati ndi yokhazikika.

Nthawi imeneyo ndi imene tinayenda kufunafuna ngongole yoti tigule kompyuta yamphamvu. Abale inu. Kwina anatifunsa kuti chikole n'chiyani, titati tili ndi mafonti ndi makasitomala obwerezabwereza anaseka mpaka kupukuta misozi. Bambo wina amene amakongoza anthu anatiuza maso ndi maso kuti anyamata inu mukugulitsa mphepo ndipo mukulipidwa mphepo, ndikakukongozani mudzandibwezera mphepo. Bambo yemweyo mwezi wathawu wanditumizira meseji kufunsa kuti waleti amatsegula bwanji. Ndawayankha mwaulemu ndithu, ndi akuluakulu, koma ndinayamba ndadikira masiku awiri.

Zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi usiku umene tinatulutsa bandulo yathu yaikulu. Tinali titaikonza miyezi isanu, tailengeza paliponse, anthu akudikira. Mmene zinthu zathu zinalili, mbali yolipira inali pa seva yathu, koma mafayilo enieniwo ankakhala ku kampani ina yosungira zinthu pa intaneti. Madzulo amenewo kampaniyo inatseka akaunti yathu popanda chenjezo, ati alandira dandaulo loti mafonti ena si athu. Tinadzamva pambuyo kuti wodandaulayo anali munthu amene anagula kwa ife, n'kumakagulitsa mafontiwo ngati ake, kenako n'kutinenera ife kuti ndife akuba. Kampani ija sinafunse n'komwe, inangotseka, ndipo imelo yathu inayankhidwa ndi makina.

Tsono choipa kwambiri, mbali yolipira inkagwirabe ntchito bwinobwino. Ife tagona, anthu akulipira, linki ikubwera, akaidina tsamba loyera ndi mawu oti fayilo palibe. Ndinadzuka cha m'ma 4 koloko foni ikunjenjemera pa tebulo osaleka, kutsegula ndikupeza mameseji mbwee, ena akufunsa mwaulemu, ena zilembo zikuluzikulu zokhazokha MBAVA INU. Mayi wina analemba kuti ndimadziwa ine kuti za kripto ndi utambwali, ndadzipusitsa ndekha. Mawu amenewo ndi amene anandilasa, chifukwa ndinaona koyamba kuti chinthu chija ndinkachikonda, choti ndalama sibwerera, chimateteza ine koma kasitomala chimamusiya pa mtetete. Pa khadi akanathamangira ku banki. Apa analibe kothawira kulikonse, anangotsala ndi mawu athu basi.

Tinazimitsa kaye tsamba lolipirira. Mwayi wake achimwene ndi munthu wosataya zinthu, anali ndi hard drive yakale mu dirowa momwe munali mafayilo onse. Tinakhala masiku atatu, wina akuwerenga mokweza TXID, nambala imene malipiro aliwonse amakhala nayo, wina akuisaka pa block explorer, tsamba loonerapo malipiro a pa blockchain, n'kuifananiza ndi oda, ikagwirizana tikutumiza fayilo pa imelo pamanja, mmodzimmodzi. TXID ya Bitcoin imakhala ndi zilembo ndi manambala 64, tangoganizani kuwerenga zimenezo maso akuwawa usiku wa chitatu, tinafika pomangotchula zinayi zoyamba ndi zinayi zomaliza. Amene anati sakufunanso fayilo tinawabwezera ndalama, ndipo pamenepanso pali msampha, sungangobweza ku adiresi imene ndalama inachokera, chifukwa ngati munthuyo anatumiza kuchokera pa exchange, kampani yogulirapo ndi kugulitsirapo kripto, adiresiyo nthawi zambiri si yake ndi ya kampani, ndalama itha kusokonekera komweko. Ndiye aliyense tinkamufunsa kaye adiresi yoti tibwezerepo, ena n'kumakayika kuti tikufuna kuwabera kachiwiri.

Mayi aja titawatumizira fayilo yawo ndi ina yaulere yopepesera sanayankhe kanthu. Patapita miyezi iwiri ndinangoona imelo yawo pa oda yatsopano. Mpaka lero amagula.

Akaunti ija inatsegulidwa titatumiza zojambula zoyambirira za achimwene za pa pepala, koma pepani sitinamumve, ndipo tinasamukako. Pano mafayilo amakhala malo atatu osiyana, ndipo tsamba lolipirira limayamba laona ngati fayilo ilipo lisanakupatseni invoyisi. Linki imene mumalandira imatha mphamvu pakapita nthawi, ndipo PDF iliyonse imakhala ndi nambala ya oda yanu pansi pa tsamba. Ena mumadandaula nazo, ndikumvetsa, koma titaona bandulo yathu ikugawidwa mwaulere m'magulu a pa intaneti tinalibe kuchitira mwina. Linki ikatha musanadawunilode ingolembani, timatumiza ina osalipiritsa.

Ndithokoze tsopano, ndipo mundipirire poti ndi ambiri. Achimwene, inu ndi amene mumajambula, ine ndimangolankhula ndi anthu, popanda dzanja lanu bwenzi ndikugulitsadi mphepo. Alamu anga amene anapirira nyali ikuyaka mpaka mbandakucha masiku atatu aja osatithamangitsa, zikomo. Amayi athu amene mpaka pano sadziwa kuti timagulitsa chiyani kwenikweni koma amauza aliyense kuti ana anga ali pa ntchito ya kompyuta, ndipo amatipempherera. Mnzathu wa za maseva amene anatithandiza kusamutsa zonse pakati pa usiku n'kukana kulipidwa, ukudzidziwa. Anthu amene amalemba mapulogalamu aulere ngati BTCPay amene sitinawaonepo nkhope. Makasitomala amene munalipira usiku uja n'kudikira osatukwana, komanso amene munatukwana, munali ndi chifukwa. Amene mumatilembera kuti fonti yakuti chilembo chakuti chapendekeka, mumatikwiyitsa m'mawa koma madzulo timakonza. Ndi inu amene munatsegula waleti koyamba chifukwa chongofuna tempuleti yathu imodzi, ndikudziwa mtima unali m'mwamba podina send.

Kwa amene simunagulepo, kulipira kwake sikovuta mmene anthu amaopera. Mukasankha fayilo, invoyisi imabwera ndi QR code ndipo imakhala mphindi 15, ikatha nthawi mumangotenga ina poti mtengo wa Bitcoin umasinthasintha. Pa tinthu ting'onoting'ono gwiritsani ntchito Lightning, njira yachangu yotumizira Bitcoin, imafika pa masekondi ochepa ndipo fizi yake ndi yochepetsetsa, pamene pa Bitcoin wamba netiweki ikadzaza, ngati mmene zinalili mu Epulo 2024 nthawi ya halving, pamene mphoto ya okumba Bitcoin imadulidwa ndi theka, fizi imatha kuposa mtengo wa fayiloyo. Ngati mukutumiza kuchokera pa exchange onetsetsani, ambiri amadula fizi yawo pa ndalama yomweyo, ndiye kwa ife imafika yoperewera ndipo linki situluka yokha.

Za USDT ndiye chonde chonde yang'anani netiweki. Adiresi imene imayamba ndi T ndi ya netiweki ya Tron, imene imayamba ndi 0x ndi ya Ethereum. Mnyamata wina anatumiza kudzera pa netiweki ina ya BNB Smart Chain ku adiresi yathu ya Ethereum, analira kuti ndalama yapita, mwayi wake maadiresi a netiweki ziwirizi amafanana ndipo makiyi a waleti timasunga tokha, tinaipeza ili phee. Koma si nthawi zonse zimatha choncho. Ndipo mvetsetsani, ife sitidzakufunsani mawu achinsinsi 12 kapena 24 otsegulira waleti yanu, wina akakulemberani m'dzina lathu kufuna mawu amenewo ndi wakuba, mublokeni pompo.

Pokondwerera zaka zinayizi bandulo ija ya usiku wa mavuto taitulutsanso, taonjezamo matempuleti atsopano ndi mafonti awiri amene achimwene amaliza mwezi uno, imodzi ndi yolemba ngati pamanja yokongola kwambiri pa makhadi oitanira anthu. Amene munagula yoyamba ija simulipiranso, tumizani nambala ya oda kapena TXID yanu tikupatsani zoonjezerazo. Atsopano, pali kafayilo kaulere koyesera kuti muone kaye ntchito yathu musanatulutse ndalama, ndipo ngati waleti ikukuvutani lembani, ndimayankha ndine, achimwene akakhala pa fonti foni sagwira.