Mmene tinayendera chikuku chitalowa pasukulu pathu ku Angónia

Sukulu ya pulayimale imene ndimayang'anira ili kumtunda kwa boma la Angónia ku Mozambique, kumene ukaima pabwalo la mpira kunja kutayera umaona mapiri a ku Dedza. Ana athu ambiri ali ndi agogo kapena azakhali tsidya la malire, ndipo tsiku la msika wa ku Lizulu mabanja a mbali zonse ziwiri amakhala pamodzi, ana kumsana, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Matenda akabuka mbali imodzi sachedwa kuoloka. Ndikulemba mmene tinayendera chikuku chitatilowera, chifukwa ine ndinataya masiku atatu ndisanagogode khomo loyenera, ndipo sindikufuna mnzanga wina adzataye ake.

Nkhani inayambira m'kaundula wa kalasi, amene kuno timati livro de turma. Linali Lachiwiri, nyengo yachisanu. Mphunzitsi wa kalasi yachiwiri analowa mu ofesi atatsegula bukulo nati, "A Director, taonani apa." Ana anayi anali atajomba masiku atatu otsatizana, ndipo onse anali ochokera mudzi umodzi, kutsidya kwa dambo. Ndinayankha kuti mwina akuthandiza makolo kukumba mbatatesi. Kujomba kuno kuli ndi zifukwa zambiri: msika, maliro, kudimba, kuzizira kwa m'mawa. Koma ana anayi aang'ono, a mudzi umodzi, kusowa tsiku limodzimodzi, ndinayenera kutuma munthu tsiku lomwelo. Sindinatero.

Lachisanu kamtsikana kena ka m'kalasi yomweyo kanagona padesiki nthawi ya phunziro. Thupi linali moto, maso ofiira akuchucha misozi, chifuwa chouma, mamina osaleka. Mphunzitsi atakweza mpango umene kanafunda kumutu, tinaona zidzolo zofiira kuseri kwa makutu ndi pachipumi, zikuyamba kutsikira m'khosi. Apo ndinasiya kuganiza za mbatatesi.

Khomo loyamba ndi chipatala chimene chili pafupi nanu, ndipo musadikire kuti mutsimikize kaye. Kutsimikiza si ntchito ya mphunzitsi. Mwana mmodzi yekha wotentha thupi, wa zidzolo, amene alinso ndi chifuwa, chimfine kapena maso ofiira, ndi wokwanira kuti azaumoyo adziwitsidwe. Ndinaimbira foni a tekiniko oona za kapewedwe ka matenda pachipatala chathu chaching'ono, ndipo anandiuza zinthu ziwiri zoti ndichite asanafike: mwanayo ndimuchotse pakati pa anzake, ndipo m'kalasimo nditsegule mazenera ndi chitseko, ana atuluke. Anati kachilombo ka chikuku kamatha kutsala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola 2 wodwala atachoka. Kamtsikanako tinakagoneka pamphasa pakhonde la ofesi, pamthunzi, ndipo tinatuma mnyamata wa kalasi yachisanu ndi chimodzi kukaitana amake.

A tekiniko anafika panjinga yamoto chakumasana. Anamuunika mwanayo m'kamwa ndi tochi ya pafoni n'kundionetsa timadontho toyera m'kati mwa tsaya, ngati timchere. Anamutenga magazi pang'ono, nalemba fomu, nandifotokozera kuti magaziwo apita kuboma, kenako kukayezedwa ku labotale ya Instituto Nacional de Saúde, bungwe limene likulu lake lili ku Marracuene, kufupi ndi Maputo. Ndi ulendo wautali, choncho sitinayembekeze zotsatira kuti tiyambe kugwira ntchito. Anamupatsa vitamini A pomwepo, wina n'kudzamwa mawa lake. Mankhwala opha kachilomboka kulibe. Chimene achipatala amachita ndi kuteteza maso, kutsitsa kutentha thupi, ndi kuthana ndi chibayo kapena kutsegula m'mimba, zimene ndizo zimapha ana ambiri a chikuku.

Khomo lachiwiri ndi la akuluakulu a maphunziro. Madzulo omwewo ndinadziwitsa wogwirizanitsa wa ZIP yathu, gulu la sukulu zoyandikana zimene timagwirira ntchito limodzi, kuti achenjeze akulu a sukulu anzanga. Kenako ndinalemba kalata yopita ku ofesi ya maphunziro ya boma ku Ulónguè, ya SDEJT. Ndinaijambula n'kuitumiza pa WhatsApp usiku womwewo, yeniyeniyo n'kukapereka Lolemba. Lembani, musangoimba. Ofesi ya maphunziro ndiyo imakhala pansi ndi ofesi ya zaumoyo ya boma, ya SDSMAS, ndipo onsewo amafuna pepala lokhala ndi tsiku, kalasi, chiwerengero cha ana ndi midzi yawo.

Mndandanda umenewu ndiwo unatidyera Loweruka lonse. Tinakhala aphunzitsi tonse ndi makaundula a makalasi onse, kubwerera m'mbuyo masabata atatu, kulemba mwana aliyense amene anajomba masiku awiri kapena kuposa. Masabata atatu chifukwa chikuku chimabisala m'thupi masiku 10 mpaka 14 chisanaonekere, nthawi zina mpaka 21. Chopweteka n'chakuti mwana amayamba kupatsira anzake masiku 4 zidzolo zisanatuluke, pamene aliyense akuyesa chimfine wamba, n'kupitiriza masiku 4 zitatuluka. Ndiye kuti kamtsikana kaja kanakhala kakukhosomola pakati pa anzake sabata yonse ija ine ndikuganiza za kudimba. Mndandanda tinaupereka kwa a tekiniko ndi kwa APE, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, amene amadziwa khomo lililonse.

Lamlungu ndinatsagana ndi APE kumudzi wa kutsidya kwa dambo. Apa ndikufuna ndifotokoze bwino, pakuti ndi pamene ntchito yeniyeni inali. Pakhomo loyamba tinapeza agogo atakhala pakhonde akusenda nyemba, chitseko chili chotseka. Titaodira ndi kupatsana moni, ndinafunsa za mdzukulu wawo.

"Ali m'nyumbamu, aphunzitsi. Chamugwira chikuku. Tikudikira chituluke chonse."

"Kuchipatala mwapita naye, agogo?"

"Iyayi. Chikuku sachibaya jakisoni, chimalowa m'kati. Ife tinakula choncho. Makolo ake tawauza kuti adike, mwana sakusamba, ndipo m'masomo ndikumudonthezera mankhwala."

Sindinawatsutse pa zonse. Kusunga mwana m'nyumba osasewera ndi anzake kunali koyenera ndithu, ndipo ndinawauza choncho. Za kudika kwa makolo sindinalowerereko, ndi za m'banja. Koma za m'maso ndinagwada n'kuwapempha. Tinalowa, ndipo mumdima muja tinapeza mnyamata wa zaka 7 atafunda mabulangete awiri, milomo itang'ambika, zikope zitamatana ndi mantongo, akupuma mofulumira ngati wathamanga. APE anawerenga kapumidwe kake n'kundiyang'ana. Anawafotokozera agogo kuti chikuku chimamaliza vitamini A m'thupi, n'chifukwa chake chimasiya ana ena akhungu, ndipo madzi a masamba m'diso lotupa kale amangowonjezera bala. Anawauzanso kuti vitamini A sabaya, amangodontheza pakamwa. Mawu amenewo ndi amene anatsegula njira. Agogo anati, "Ngati n'zapakamwa, mutengeni." Tinamukweza panjinga yamoto pakati pa bambo ake ndi woyendetsa. Kuchipatala anamupeza ndi chibayo ndipo anagonekedwa.

Nditabwerako ndinadziwa kuti kalata yopatsira ana kuti akapereke kunyumba siingathandize. Ndinapita kwa amfumu ndi kwa wapampando wa Conselho de Escola, komiti ya sukulu imene mumakhala makolo, aphunzitsi, ana ndi anthu a m'mudzi. Tinagwirizana kuti msonkhano uchitikire panja, pansi pa mitengo ya bulugamu, ana odwala asabwere nawo, ndipo oyankhula woyamba akhale amfumu, osati ine. Tinaitananso akulu a mipingo ndi anamkungwi. Uthenga unali waufupi: mwana wotentha thupi asabwere kusukulu ndipo sadzalembedwa kuti wajomba, wa zidzolo apite kuchipatala ndipo akhale kunyumba mpaka patapita masiku 4 zidzolo zitatuluka, kapena kuposa ngati akadali wofooka, asambitsidwe ndi madzi ofunda, amwe madzi ambiri, adye phala, m'maso musalowe kanthu kosachokera kuchipatala.

Pamsonkhanopo bambo wina anaimirira nati, "A Director, bwanji osangotseka sukuluyi?" Anthu ambiri anavomereza. Ndinayankha zoona: mkulu wa sukulu alibe mphamvu yotseka sukulu payekha. Zimenezo zimachokera kuboma, amaphunziro ndi azaumoyo atamvana. Ndipo ine mumtima mwanga sindinkafuna kuti itsekedwe. Ndinaona zimene zinachitika mu 2020. Sukulu zonse za m'dziko muno zinatsekedwa pa 23 Marichi chifukwa cha Covid-19. A kalasi yachisanu ndi chiwiri anabwerera mu Novembala, ang'onoang'ono mpaka 2021. Maphunziro a pa kanema wa TVM ndi pawailesi anathandiza amene anali ndi magetsi ndi mabatire, koma kwathu kuno atsikana ena tinakawapeza ali pabanja, anyamata ena atapita kukagwira ganyu osabwereranso. Nthawi imeneyo panalibe katemera, kutseka kunali ndi chifukwa chake. Chikuku katemera wake alipo, ndipo ana ukawabweza kusukulu sakhala m'nyumba, amakakumana kumjigo, kumsika ndi kutchalitchi, kumene palibe wowawerenga. Pasukulu timawaona m'mawa uliwonse. Akuboma anagamula kuti sukulu ipitirire, ndipo tinayamba kuyang'ana ana pamzere asanalowe m'kalasi: maso, kuseri kwa makutu, dzanja pachipumi. Makalasi aang'ono tinawatulutsira panja dzuwa likakwera.

Kenako inabwera ntchito ya makadi a kusikelo. Tinapempha kuti mwana aliyense abwere ndi khadi lake. Ku Mozambique katemera wa chikuku amabaya mwana akakwana miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 18. Ku Malawi wachiwiriyo amabaya pa miyezi 15. Kuno kumalire izi zimasokoneza: mayi anachira ku Malawi kwa amake, mwana nalandira woyamba kumeneko, atabwerera kuno wachiwiri n'kuiwalika, chifukwa mwana wayamba kuyenda ndipo wina ali kale m'mimba. Ena anabweretsa kabuku ka chipatala ka ku Malawi, ena khadi la kuno, ena onse awiri, ena anati linanyowa ndi mvula kapena linadyedwa ndi chiswe. Anamwino anatiphunzitsa pamene tiziyang'ana pa khadi lililonse, ndipo anati amene alibe umboni timuwerenge ngati sanabayidwe, poti kubaya kachiwiri sikuvulaza. Chimene chinandidzidzimutsa n'chakuti ambiri mwa amene anadwala anali oti analandira kamodzi kokha kapena sanalandire n'komwe. Pa anthu 10 osatetezedwa amene akhala pafupi ndi wodwala chikuku, mpaka 9 amatha kuchitenga.

Zotsatira zitatsimikiza kuti ndi chikuku, akuboma anatumiza gulu lodzabaya katemera pasukulu pathu ndi m'midzi yozungulira. Ntchito ya sukulu inali kukonza malo ndi kubweretsa anthu. Tinasesa kalasi imodzi, kuika matebulo awiri, ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo, ndi ngodya yamthunzi ya mabokosi ozizira osungiramo katemera. Aphunzitsi awiri ankalemba mayina, mmodzi ankasunga obayidwa kale pabenchi kwa kanthawi kuti anamwino awaone asanapite. Tinauza makolo abweretsenso ang'onoang'ono amene sanayambe sukulu, pakuti ndi amene chikuku chimawapweteka kwambiri mkulu wawo akachibweretsa kunyumba. Zinatithandiza kuti anthu anali atazolowera kale magulu a katemera kuyambira 2022, pamene poliyo inapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale, kenako m'chigawo chathu cha Tete mu Meyi, ndipo azaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera ndi kupaka inki pachala. Komabe ena anafunsa ngati uyu si wa Covid-19 uja wabwera ndi dzina lina. Anamwino anawaonetsa botolo, ndipo wapampando wa komiti anayamba kubayitsa ana ake pamaso pa onse.

Mabanja ochepa a mpingo wina umene sulola mankhwala anakana. Sitinawakalipire pagulu. Ndinapita ndi amfumu madzulo kukacheza nawo, kawiri. Banja limodzi linalola, ena anakhalabe pa chikhulupiriro chawo. Amenewo tinagwirizana kuti mwana wawo akangotentha thupi asabwere kusukulu ndipo atidziwitse msanga, ndipo anasungadi mawu awo.

Kuchokera apo kunali kuwerenga masiku. Lachisanu lililonse ndinkatumiza lipoti ku ZIP ndi kuchipatala, ngakhale sabata imene kunalibe wodwala watsopano, chifukwa ziro nayenso amafunika kulembedwa. Odwala atsopano anapitirira kwa masabata awiri katemera atabayidwa, ndipo makolo ena anayamba kunena kuti katemerayo ndiye wabweretsa matenda. Tinayenera kubwerera kumidzi kukafotokoza kuti amenewo anali atatenga kale kachilombo tsiku la katemera lisanafike. Kenako chiwerengero chinatsika, mpaka tinadutsa masiku 21 opanda dzina latsopano, ndipo a tekiniko anati tipitirize kuyang'anira kwa masabata ena atatu.

Ana ochira anabwerera atawonda, khungu likusupuka, ena osachedwa kudwalanso chimfine ndi m'mimba, poti chikuku chimasiya thupi lopanda chitetezo kwa nthawi yaitali. Tinawakonzera maphunziro obwereza masana, ndipo mayeso amene anawaphonya analemba pambuyo. Mnyamata wa kwa agogo aja anabwerera patatha mwezi. Maso ake anapulumuka, koma khutu lakumanzere linatuluka mafinya ndipo silimva bwino mpaka lero. Tinamusamutsira padesiki lakutsogolo, kumbali imene khutu labwino limaloza kwa mphunzitsi. Agogo ake amabwera naye okha m'mawa kukazizira, ndipo tsiku lolembetsa ana a kalasi yoyamba anabwera ndi mng'ono wake, khadi la kusikelo atalikulunga m'pepala la pulasitiki, katemera wachiwiri atalembedwamo.