Kodi EU ingateteze demokalase ku Hungary ndi Poland?

Ndakhala ndikutsatira mkangano wa bungwe la European Union (EU) ndi mayiko a Hungary ndi Poland, omwe kale anali pansi pa ulamuliro wa chikomyunizimu ndipo analowa m'bungweli mu 2004. Maganizo anga ndi akuti mabungwe otere ali ndi mphamvu zambiri dziko lisanalowe, koma likangokhala membala, chikwapu chimafupika.

Mu 2017 EU inatsegulira Poland mlandu pansi pa Gawo 7 la pangano lake, lomwe lingachititse dziko kulandidwa ufulu wovota m'bungweli, chifukwa boma la chipani cha PiS linkalowerera ntchito za makhoti, ndipo mu 2018 inachitanso chimodzimodzi ndi Hungary ya nduna yaikulu Viktor Orbán. Vuto ndi lakuti dziko silingalandidwe ufulu wovota pokhapokha mayiko ena onse atagwirizana kuti lalakwadi, choncho awiriwa ankangotchinjirizana, mlandu n'kumangokhala pa tebulo.

Chimene chinaluma ndi ndalama. Mu 2021 khoti la EU linalamula Poland kulipira chindapusa cha 1 miliyoni euro tsiku lililonse pa nkhani ya makhoti ija, ndipo mu Disembala 2022 bungweli linatsekereza 6.3 biliyoni euro zopita ku Hungary chifukwa cha nkhawa za katangale. Komabe patangotha chaka, linamasulira Orbán ndalama zina zoposa 10 biliyoni euro pamene linkafuna kuti asatsekereze zokambirana zoti Ukraine ilowe m'bungweli, zomwe kwa ine zinaoneka ngati malonda.

Ku Poland zinthu zinasinthidwa ndi ovota eniake pa chisankho cha mu Okutobala 2023 chomwe chinachititsa kuti PiS ichoke m'boma, ndipo mlandu uja unatsekedwa mu Meyi 2024 boma latsopano la Donald Tusk litalonjeza kukonza makhoti, ntchitoyo isanathe n'komwe.