Mano a agogo ndi chibayo cha mwezi wa Juni

Agogo anga aamuna, amene amakhala kufupi ndi Bembeke m'boma la Dedza, atsala ndi mano asanu okha pa mano 32 amene munthu wamkulu amakhala nawo. Ena adakawazulitsa kuchipatala, koma ochuluka adangoyamba kugwedera, nkhama zikutuluka magazi, mpaka kuguluka okha. M'mwezi wa Juni chaka chatha, kuzizira kwa kuno kutafika pachimake, agogowo adagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo ine ndidali mmodzi mwa owadikirira. Namwino wina atawayang'ana m'kamwa adandifunsa kuti tidawatsuka liti komaliza. Ndidasowa choyankha, chifukwa kwathu tonse tinkaganiza kuti mswachi ulibenso ntchito kwa munthu amene mano adamuthera.

Chimene chimagulula mano a anthu ambiri achikulire ndi matenda a nkhama, amene amayamba tizilombo tosaoneka ndi maso tikaunjikana m'mphepete mwa mano kwa zaka zambiri. Tizilomboti timakhalanso pa lilime ndi m'malovu. Munthu wamphamvu akatsamwa amatsokomola n'kutulutsa chimene chalowera kukholingo, koma nkhalamba imene ikuvutika kutafuna ndi kumeza imalowetsa malovu ndi tizidutswa ta chakudya m'mapapo, makamaka usiku ili mtulo, osazindikira n'komwe. Malovuwo akakhala odzaza ndi tizilombo, chibayo sichichedwa. Ndidakumbukira momwe agogo ankatsamwira ndi phala la m'mawa, ife n'kumangowauza kuti azidya modekha.

Ku Japan, Dr. Takeyoshi Yoneyama ndi anzake adatsatira okalamba a m'nyumba 11 zosungiramo nkhalamba kwa zaka ziwiri, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2002. Mwa amene ankatsukidwa m'kamwa akamaliza kudya, pafupifupi 11 pa 100 alionse adadwala chibayo, pamene mwa amene sankatsukidwa motero adali pafupifupi 19 pa 100. Chimene chidandigwira mtima n'chakuti phindulo lidaonekanso kwa amene adalibiretu mano.

Sindikunena kuti kuguluka kwa mano pakokha ndiko kudawadwalitsa. Agogo akhala akusuta chingambwe kuyambira unyamata wawo, ndipo fodya amawononga nkhama ndi mapapo nthawi imodzi. Onjezerani utsi wa nkhuni umene amaupuma akamawotha moto m'khitchini yotsekedwa bwino chifukwa cha chisanu. Komabe, pa zonsezi, kutsuka m'kamwa ndiko kudali m'manja mwathu, ndipo tidakunyalanyaza.

Chitulukireni m'chipatala, mdzukulu wawo wina amawatsuka mano otsalawo ndi mswachi wofewa madzulo alionse, kenaka n'kuwapukuta nkhama ndi lilime ndi kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi ofunda. Akadya, timawapempha kuti akhale kaye tsonga asanakagone. Iwo amadandaula kuti tikuwasandutsa khanda, koma kukamwa amatsegulabe.