Lachitatu: kabaza wanga wa mu kompyuta wanyamula anthu awiri

Lero ndadzuka 5 koloko kuti ndimalize pulojekiti yanga koma madzi a tiyi asanawire nkomwe magetsi thi! Ndangonyamula laputopu, kukwera minibasi pa msika wa Ndirande kupita ku Chitawira kwa achimwene, iwo ali ndi sola.

Pulojekitiyo ndi ya ma agent, timapulogalamu ta mu kompyuta tomwe timasankha tokha zochita. Mu Java wamba (chilankhulo cholembera mapulogalamu) ukaitana method, kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito inayake, imangochita basi, ilibe chonena. Agent ndi nkhani ina, amakhala ndi zomwe akukhulupirira kuti ndi zoona, zomwe akufuna ndi zomwe watsimikiza kuchita, zitatuzi mwachidule amati BDI (belief, desire, intention), ndiye ukamutumizira uthenga atha kukukanira. Kalembedwe ka mapulogalamu kotere amati agent-oriented programming, dzinali linabwera ndi Yoav Shoham wa ku Stanford, pepala lake lotchuka ndi la 1993. Ine ndikugwiritsa ntchito Jason, pulogalamu yolembera ma agent, imayendera pa Java, chilankhulo chake chinachokera ku AgentSpeak ya Anand Rao ya 1996.

Ndapanga akabaza asanu, aliyense agent payekha, ndi makasitomala otumiza katundu pakati pa Limbe, Ginnery Corner ndi Wenela. Kasitomala amalengeza ntchito kwa onse, akabaza amatchula mitengo, iye nkusankha wotchipa. Imeneyi ndi Contract Net ya Reid Smith ya 1980, ndi yakale kuposa achimwene omwe.

Koma kabaza3, aaa. Amapezeka wavomera ntchito ya ku Limbe ndi ya ku Wenela nthawi imodzi, komanso si nthawi zonse ayi, ndikayendetsa pulogalamu kakhumi amalakwitsa mwina kamodzi, ndikaika ma print (malamulo oonetsa pa sikirini zomwe zikuchitika) kuti ndimugwire iye nkukhala ngati mwana wabwino chifukwa ma printwo akusintha liwiro la zinthu. Mmawa wonse watha choncho, mutu waukulu.

Masana alamu andituma matemba ndi tomato. Pobwerera ndakodola kabaza weniweni pa siteji, wavomera, ndisanakwere bambo ena amukodolanso. Iye osachedwa, "Ndatengedwa kale bwana, kwerani uyo." Ndatsala pang'ono kugwetsa jumbo. Wanga wa mu kompyutayu amatchula mtengo kwa makasitomala awiri akudziwa kuti alibe ntchito, zomwe sizolakwika, koma onse akamusankha sayang'ananso, amangoti eya kwa aliyense.

Ndafika nsima osadya kaye. Ndalemba kuti uthenga womusankha ukafika ayang'ane ngati belief yoti ali free ikadalipo, ngati ilipo aichotse pompo, ngati palibe akane ndipo kasitomala apite kwa wachiwiri pa mtengo. Plan imeneyo, ndondomeko yomwe agent amatsata, ndaiika atomic, kutanthauza kuti iziyenda yokha mpaka kumapeto, ina isalowerere pakati. Ndayendetsa ka 30, kabaza3 osabwereza.

Achimwene akuti, "Ndiye sukulu yonseyi akuphunzitsa ndi wa kabaza?" Ndangoseka, nsima inali itazizira.

Mawa ndibwereka laputopu ya mnzanga, akabaza ena akhale uko ena kuno, ndione zomwe kasitomala achite netiweki ikadula kabaza ali pa Chichiri ndi katundu wa eni.